Tsiku Limene Ndinayang'ana Apongozi Anga Kumaso

Tusekile ndi Gwamaka, mwakhala mukundiseka kuyambira muli aang'ono kuti mayi wanu amasunga kagalasi m'chitini cha majani a tiyi ngati kuti ndi mphete yaukwati. Tsopano poti ndapuma pa ntchito ndipo maso ayamba kufuna mandala, ndaganiza zolemba za kagalasi kameneko, kuti tsiku lina mukamadzasesa m'chipinda changa musadzakataye pamodzi ndi mabatani akale. Za ubwana wanga ku Dedza ndikudumpha, munazimva mpaka kukhuta. Ndiyambira pamene ndinakumana ndi agogo anu a Mwangomba, amene poyamba anali abwana anga, kenako apongozi anga, ndipo pa moyo wanga wonse ndinawalakwira dala kamodzi kokha.

Chaka choyamba pa ntchito, mwezi wa Okutobala

Nditamaliza maphunziro a zoyezayeza za m'labu, kalata inabwera yoti ndikayambe ntchito pa chipatala china ku Karonga. Ndinalira. Mwana wa ku Dedza wozolowera juzi, ndinatsika basi dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinaganiza kuti andilanga. M'labu ndinapeza bambo wochepa thupi, wazala zazitali zowonda, atavala nsapato zakuda zopolisha bwino. Zala ndi nsapato zimenezi muzikumbukire. Sanandifunse za satifiketi. Anangondipatsa kagalasi kopakidwa magazi, nati ndiwauze zimene ndikuona. Ndinasuzumira m'maikulosikopu, ndipo mphindi isanathe ndinati mulibe malungo. Anati ndiyang'anenso. Ulendo wachitatu ndi pamene ndinaona tizilombo tiwiri titabisala chakumphepete. "Mama," anatero, "kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wothamanga kuno timamutuma ku positi ofesi."

Ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku inali magazi a malungo, makhololo a chifuwa chachikulu, mkodzo wa likodzo ndi khungu la odwala khate. Zosowa zinali zambiri kuposa zopezeka. Magetsi akazima, a Mwangomba ankasunthira maikulosikopu pawindo n'kukola dzuwa ndi kalilole. Timagalasi tikachepa, tinkatiwiritsa n'kutigwiritsanso ntchito mpaka titachita khungu. Ine ndinkanyinyirika pakamwa ponse, koma iwo sindinawamvepo akutukwana. Ankangoti wodwala wochokera ku Lupembe sanayende mtunda wonsewo kuti adzamve mavuto athu.

Chaka chomwecho mpaka chachitatu, masiku a Loweruka

Pakona ya labu panali makina ena ovindikiridwa ndi nsalu, amene palibe ankawakhudza. Anali makina odulira minofu ya thupi mopyapyala kuposa khungu la anyezi, ndipo anawasiya dokotala wina wakunja kalekale. A Mwangomba anaphunzira ntchito yodula minofuyi ku chipatala chachikulu ali mnyamata, koma atapempha kubwerera kufupi ndi kwawo ku Uraha, anapeza kuti kuno palibe amene amaifuna. Iwo sanaisiye. Loweruka lililonse m'mawa ankapita kumsika kwa Che Amidu, wogulitsa nyama wa ku Mangochi, kukatenga mutu wa mbuzi. Che Amidu anali atazolowera kuwaza mutuwo mosamala monga anaphunzitsidwira, ndipo ankauza makasitomala ake kuti pa Karonga ponse pali munthu mmodzi yekha amene amagula mutu, n'kutolamo kanyama kochepa ngati nzama, mutu wonse n'kubweza.

Kanyama kameneko dzina lake ndi pituwitale. Kamakhala pansi pa ubongo, m'kadzenje ka fupa kooneka ngati kampando, ndipo munthu alinso nako pamalo omwewo. Tinkakaviika m'fomalini kuti kasawole, kenako m'mowa wa kuchipatala kuti madzi achoke, kenako n'kukakwirira mu phula losungunuka. Phula lenileni litatha tinkasungunula makandulo a m'golosale. Mpeni wa makina aja ankaunolera pa lamba wawo wachikopa, ndipo akayamba kupukusa chogwirira, timagawo tinkatuluka tolumikizana ngati kaliboni. Tinkatimata pagalasi ndi choyera cha dzira, n'kutinyika mu utoto wa mitundu iwiri, wabuluu ndi wofiira. Ntchito ya kanyama kamodzi inkatenga sabata yathunthu, ndipo palibe ankatilipira.

Tsiku limene ndinakaona koyamba m'maikulosikopu sindidzaliiwala. Ndinkayembekezera kuona nyama basi, koma ndinaona chinthu chokongola kwambiri. Mbali yakutsogolo inali yodzaza ndi maselo okhala m'timagulu, ena ofiira, ena obiriwira mopita ku mtundu wa pepo, ena otuwa ngati anakana utoto, ndipo pakati pawo pankadutsa timitsempha ta magazi. A Mwangomba ankati umenewu ndi msika wa pa Karonga tsiku la Loweruka, amayi atavala zitenje zosiyanasiyana, aliyense ndi malonda ake. Anandiuza kuti maselo amenewa alibe mipope yotulutsira zimene amapanga, amangothira m'magazi odutsa pakhomo pawo, magaziwo n'kukatula uthenga kutali. Ofiira aja ndi amene amalamula thupi kuti likule ndi bere kuti lipange mkaka. Obiriwirawo amalamula chithokomiro cha pakhosi, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, ndi ziwalo zoberekera. Mbali yakumbuyo inali yosiyana kwambiri, yotuwa, ya timaulusi tokhatokha totsika kuchokera ku ubongo, ndipo anati kumeneko ndi kosungira uthenga woletsa impso kutaya madzi ndi wofinya chiberekero pobereka. Ndinawafunsa ngati zonsezi zimachokeradi m'kanthu kochepa chonchi. "Bwana weniweni sakhala na thupi likulu," anatero. "Wonani ine."

Anandiphunzitsanso chithokomiro ndi timiphika take todzaza ndi zinthu zonga phala lapinki, ndi tiziwalo ta pa impso ndi mizere yake, koma pituwitale ndiye anali mwana wawo wapamtima. Ankakonda kundikumbutsa kuti pamwamba pa kampando kaja pali mphambano pamene mitsempha ya maso awiri imadutsana. Ankati kanyamaka kakatupa kamakankha mphambanoyo, ndipo munthu amayamba kusaona za m'mbali, kutsogolo akuona bwinobwino. Ndinalemba zimenezi m'kope langa ngati nkhani ya anthu akutali.

Chaka chachinayi

Bambo anu ndinawadziwira pakhomo la labu lomwelo. Lusekelo anali mwana wa malemu achimwene awo a abwana angawo, ndipo anakulira m'manja mwa a Mwangomba, choncho iwo ndiwo anali bambo ake enieni. Ankabwera ndi nthochi ndi mpunga wochokera kumudzi, ndipo patapita nthawi ndinazindikira kuti nthochizo zachuluka kuposa mmene munthu mmodzi angadyere. Titakwatirana, amayi akuluakulu a kumudzi anandikhazika pansi nandiuza mwambo wa Chinkhonde. Ndinali mkamwana tsopano, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo. Mkamwana sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, satchula dzina lawo, sadya nawo pamodzi, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka. Kwathu ku Dedza timaopana ndi apongozi, koma uku kunali kuopana kwa mtundu wina. Ndinafunsa kuti nanga ndizigwira bwanji ntchito ndi munthu amene sindingamuyang'ane, m'chipinda chimene anthu awiri akapumira limodzi mpweya umatha.

A Mwangomba ndiwo anaweruza. Anati mkati mwa labu ndine Nachisale ndipo tizilankhula za ntchito monga kale, koma ndikangodutsa pakhomo ndine mkamwana. Za maso zokha anati sangazisinthe, poti si iwo anaziyamba. Anatembenuza matebulo kuti tizikhala mofulatirana, ndipo kuyambira pamenepo ndinkawaitana kuti tata, n'kumalankhula ndi nsapato zawo. Musaseke. Ndinazidziwa nsapato zimenezo kuposa wosoka nsapato wa kumsika, ndipo ndinkadziwa ngati akondwa kapena akwiya poona mmene aimira.

Chaka chachisanu ndi chiwiri mpaka chakhumi ndi chimodzi

Ananditumiza ku kachipatala kakang'ono kufupi ndi ku Mlare kukatsegula labu, ndipo ndinakhalako zaka zinayi. Nonse awiri munabadwira m'zaka zimenezo. Mkulu wa kumeneko anali munthu wabwino koma waulesi, wokonda bawo kuposa odwala, ndipo kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti ndinaleredwa ndi katswiri. Tikapita kumudzi pa Khirisimasi, agogo anu ndinkangowaonera kumsana ali patali.

Nditabwezedwa ku labu yakale, tsiku loyamba ndinagwada pang'ono n'kupereka moni kwa nsapato monga mwa nthawi zonse, koma nsapatozo sizinali zija. Zinali nkhwaira zazikulu za tayala, ndipo zala zakumapazi zinkasefukira m'mbali. Munthu amene sankaponda pa chipatala osapolisha nsapato. Atandipatsira kagalasi ndinaona dzanja. Zala zowonda zija zinali zitanenepa ngati chinangwa, moti pogwira kachotembenuzira ka maikulosikopu ankachita kutsina ndi nsonga. Mawu awo anali atakula, ndipo ankameza mapiritsi a mutu ngati mtedza. Ndinafunsa anzathu pachipatala, ndipo anandiseka. Ena anati ndi ukalamba, ena anati mpunga wa kuno umanenepetsa, wina anandinong'oneza kuti madala akukhwima. Iwo ankawaona tsiku lililonse, choncho sanaone kanthu. Mtima wanga unayamba kuthamangira ku kope langa lija, koma ndinaukaniza.

Ntchito yawo sinatsike ngakhale pang'ono, ndipo apa ndi pamene panabisala nkhani yonse. Maikulosikopu imafuna diso loona kutsogolo basi. Tizilombo timene ine ndinkaphonya iwo ankatipezabe. Koma ndinayamba kumva phewa lawo likugunda felemu ya chitseko, lero kumanja, mawa kumanzere. Kenako mwezi wa Juni, akupalasa njinga pa msewu wa ku Lupembe masana dzuwa lili pamutu, ngolo ya ng'ombe inawagunda ikutulukira m'mbali. Anangosupuka pachigongono, ndipo anauza aliyense kuti mwini ngolo anali ataledzera. Mwini ngoloyo anabwera yekha kudzapepesa, ali bwinobwino, ndipo ndinamumva akulumbira kuti anakuwa katatu koma madala sanacheuke.

Lolemba lotsatira ndinawaphikira tiyi. M'malo moika kapu patsogolo pawo, ndinaima chakumanja kwawo, kapu ili m'manja, pamalo pamene aliyense akanaiona. Anali atakweza mutu akuyang'ana pawindo. Ndinawerenga mpaka makumi atatu ndipo sanatembenuke. Pamenepo ndinaika kapuyo pansi, ndinazungulira tebulo, ndinaima kutsogolo kwawo, ndipo ndinachita chimene sindinachite kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinakweza maso. Ana anga, ndinachita mantha. Chibwano chinali chitatuluka, mano atatalikirana, mphuno ndi milomo zitakula, mafupa a pamwamba pa maso atatukuka. Nkhope ya abwana anga inali itabisala mkati mwa nkhope ya munthu wina.

"Mkamwana," anatero motsitsa mawu, "mukupanga vichi?"

"Tata, muno ndine Nachisale," ndinayankha. "Ndi maselo ofiira aja. Afika pa mphambano."

Anati akudziwa, ndipo adziwa kwa zaka zitatu. Kodi ndimaganiza kuti amene anandiphunzitsa sangawerenge manja ake omwe? Anati kwatsala zaka ziwiri kuti apume, ndipo akanena tsopano awapumitsa ngati wodwala, labu n'kutsala m'manja mwa anthu othamanga. Anatinso achimwene awo, bambo ake a Lusekelo, analowa m'chipinda cha opaleshoni akuyenda okha n'kutuluka atafunditsidwa nsalu, ndipo iwo sadzalola munthu kuwatsegula mutu. Ndinawauza kuti pakadafunda padajiwitsa galu, zaka ziwiri zikamatha adzakhala akugwiridwa ndodo. Anati maso ndi awo. Kenako ananena mawu amene mpaka lero amandiwawa. "Mwaniyang'ana, ndakhululuka. Mukakayowoya, mukakanena kwa munthu, yayi, simuli mwana wane."

Chaka chakhumi ndi chimodzi, mwezi wa Julayi

Ndinagwira njakata kwa masabata awiri. Bambo anu nditawauza, sanamve n'komwe za matenda. Anangofunsa kuti nkhopeyo ndinaiona bwanji. Nditavomera, anatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka nthawi ya chakudya inadutsa. Anati tata akana, ndiye kuti akana, mwana sangawaposere nzeru. Ndinadziwa kuti ndikanena, nditaya munthu amene anandipanga kukhala chimene ndili, mwina ndi banja lomwe. Ndikakhala chete, ndikhala mkamwana wabwino wa munthu wosaona. Tsiku lililonse ndinkamva phewa lija likugunda chitseko, ndipo mkwiyo unkandikwera. Ndinkati bamboyu anandiphunzitsiranji kuona ngati ankafuna kuti ndizitsinzina?

Ndinatenga chithunzi cha ukwati wathu, chimene chili pakhoma pabalaza chija, ndinachikulunga m'chitenje, ndipo ndinakagogoda ku ofesi ya dokotala wamkulu. Anali mayi wachitsikana wochokera kumwera, amene anali atangokhala nafe chaka chimodzi ndipo a Mwangomba anawadziwa ali kale choncho. Ndinamulozera bambo wochepa thupi woima kumbuyo kwa mkwati. Anafunsa kuti ameneyu ndani. Nditamuuza, anayang'ana chithunzicho, anandiyang'ana ine, ndipo anaimirira n'kukawaitana.

Zimene dokotalayo analankhulana ndi tata sindikuzidziwa, koma zinatenga masana onse. Ndinamva pambuyo pake kuti dokotalayo anawagwedezera zala m'mbali mwa mutu, ndipo tata atalephera kuziona anawafunsa kuti akanakhala wodwala wa ku Lupembe akanamulangiza chiyani. Sabata yomweyo anawatumiza ku chipatala chachikulu, ndipo atawajambula mutu, anawaika pa mndandanda wa opita kunja poti opaleshoni yotero kuno sinkachitika nthawi imeneyo. Anadikira miyezi isanu. Miyezi yonseyo tinkagwira ntchito mofulatirana, ndipo sanandilankhule liwu limodzi. Chofunika ankalemba pakapepala n'kuika pakona ya tebulo langa. Kumudzi anandiitanitsa, ndinapereka nkhuku yopepesera kuyang'ana kuja, ndipo azakhali anu aakulu anandiuza pamaso pa anthu kuti tata akakafera kunjako, maliro ake ndidzawalira ndekha. Ndinaonda mpaka siketi zinayamba kugwa.

Chaka chakhumi ndi chiwiri, nthawi yokolola mpunga

Sanawatsegule mutu. Chotupacho anachichotsera m'mphuno. Anabwerako ali moyo, akumwa mapiritsi a tsiku ndi tsiku olowa m'malo mwa uthenga umene kanyama kaja sikankathanso kutumiza. Mbali ya kumanja imene inatayika sinabwerere yonse, koma mdimawo unaima pomwepo. Madokotala akumeneko anauza bambo anu, amene anawaperekeza, kuti akanachedwa chaka china sakanapulumutsa kanthu. Chimene ankaopa chija chinachitikadi, anawapumitsa pa ntchito nthawi isanakwane, ndipo labu inatsala m'manja mwanga. Anapita ku Uraha osadzatsanzika.

Panapita miyezi itatu. Loweruka lina m'mawa ndili ndekha m'labu, ndinamva nkhwaira zikukwekwereza pakhonde, ndipo ndinazidziwa zisanafike pakhomo. Ndinaimirira maso ali pansi. Sanandipatse moni. Anatulutsa kabokosi m'thumba la jekete, ndipo zala zonenepa zija zinavutika kukatsegula. Munali kagalasi kamodzi. Bambo anu anandiuza pambuyo pake kuti agogo anu atangotha kuimirira, anavutitsa anamwino mpaka anawaperekeza ku labu ya chipatala chija, ndipo anakambirana za mipeni ndi utoto ndi wodula minofu wa kumeneko mpaka munthuyo anawadulira kagawo kena kapadera ka chotupa chawo.

Anaika kagalasiko pa maikulosikopu yanga, nati ndiwauze zimene ndikuona. Ndinakhala pansi. Ulendo uno sindinathamange. Ndinayenda nako kuyambira kumphepete kumodzi mpaka kwina, misozi ikundisokoneza, ndikupukuta n'kuyambiranso. Msika uja munalibe. Timagulu tija tinali titaphwasuka, obiriwira munalibe, otuwa munalibe. Munali maselo a mtundu umodzi okhaokha, ofanana ngati mbewu za m'thumba limodzi, atadzaza paliponse.

"Ofiira okhaokha, tata," ndinatero. "Alanda msika wonse."

"Mwayang'ana kangati?"

"Katatu."

Ndinaona nkhwaira zija zikusuntha, zikuima mmene zinkaimira akakondwa. "Mwakhoza, Nachisale," anatero. "Ndagha, zikomo, mwana wane. Kasungeni ndimwe, ndimwe munakapeza."

Anakhala zaka zina khumi ndi zinayi. Iwe Tusekile, amene anakuphunzitsa kuwerenga pakhonde la ku Uraha ndi maso amenewo. Iwe Gwamaka, ukukumbukira mmene ankapotolera mutu wonse kuti akuone ukamabwera chakumanja, iwe n'kumayesa masewera. Kumaso sindinawayang'anenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo sindinafunikire kutero. Kagalasiko kali m'chitini chobiriwira pamwamba pa kabati, kokulungidwa m'thonje. Mukafuna kukaona, mupite nako kwa munthu amene ali ndi maikulosikopu, ndipo muyang'ane katatu.